Mafunso ndi Mayankho: Zovala ndi Zida za Munthu Wopita Kuntchito pa Njinga

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza njinga yakapalasa, ndipo achokera kwa anthu amene amapalasa tsiku ndi tsiku popita kuntchito kapena kusukulu. Tasankhapo ochepa, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, ndagula njinga yoti ndizipitira kuntchito, koma wogulitsa wandionetsa zinthu zambirimbiri zoti ndiwonjezere, kuyambira magolovesi mpaka kabudula wothina wa ochita mpikisano. Ndalama imene yanditsalira ndi yochepa. Kodi ndiyambe ndi chiyani? — Bambo woyamba kumene kupalasa

Yankho: Bambo, musachite manyazi kusiya zambiri mwa zinthuzo, chifukwa zovala za mpikisano anazisokera munthu wopalasa mothamanga kwa maola ambiri, osati wopita kuntchito. M'mizinda monga Amsterdam ndi Copenhagen, momwe njinga zimadzaza misewu m'mawa uliwonse, anthu ambiri amapalasa atavala zovala zomwezo zimene akagwire nazo ntchito. Chofunika choyamba n'chakuti njingayo iziima pamene inu mwafuna kuti iime, ndiponso kuti anthu ena pamsewu azikuonani ndi kukumvani. Pangano la mayiko lokhudza kayendedwe ka pamsewu, limene linasainidwa ku Vienna mu 1968, limatchula zinthu zochepa chabe zimene njinga iyenera kukhala nazo: buleki yogwira bwino, belu lomveka patali, lifulekita yofiira kumbuyo, nyali yoyera kapena yachikasu kutsogolo, ndi nyali yofiira kumbuyo. Malamulo a mayiko amasiyana pena ndi pena, koma mndandanda umenewu ndi poyambira pabwino. Mukakwanitsa zimenezi gulani chisoti, kenako loko ndi mpope. Zotsalazo zidikire mpaka mutapalasa kwa milungu ingapo, pamene mudzakhale mutadziwa nokha chimene chikukusowani.

Funso: Ndimaweruka kunja kutada, ndipo ndimavala jekete yachikasu yowala kwambiri, yonga ya anthu okonza misewu. Mnzanga akuti usiku jeketeyo ilibe ntchito ndipo ndigule nyali, pamene ine ndimaona msewu bwinobwino chifukwa cha magetsi a m'mbali mwa msewu. Akunena zoona ndani? — Mlonda wa masana

Yankho: Achimwene, mnzanuyo mumumvere, ndipo ngati n'kotheka nyaliyo mugule musanapalasenso usiku wina. Funso lanu ndi limene landikhudza kuposa onse, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti iwo akamaona magalimoto ndiye kuti oyendetsa magalimotowo akuwaonanso, pamene zimenezi sizili choncho. Galimoto ili ndi nyali zamphamvu zimene zimaonekera kutali, koma munthu wa panjinga yopanda nyali amangokhala chithunzithunzi chakuda m'mbali mwa msewu, ndipo dalaivala amene maso ake athobwa ndi nyali za galimoto ina amamuzindikira atayandikira kale.

Pa jekete yanuyo pali zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu amazisokoneza. Nsalu yachikasu kapena yaolenji ija imawala masana chifukwa imalandira kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso, kotchedwa ultraviolet, n'kukusandutsa kuwala kooneka. Dzuwa likalowa mphamvu imeneyi imatha, ndipo nsaluyo imangofanana ndi malaya ena aliwonse oyera. Chimene chimagwira ntchito usiku ndi timizere totuwa tija tosokeredwa pamapewa ndi m'chiuno, timene timabweza kuwala kumene kwachokera. Komabe timizereto timawala pokhapokha nyali ya galimoto ikalunjika pa inu. Dalaivala amene akutuluka m'kamsewu ka m'mbali, woyenda pansi amene akufuna kuwoloka, kapena wanjinga mnzanu wopanda nyali, onsewa sadzaona kanthu, chifukwa palibe kuwala kochokera kwa iwo koti kubwerere. Nyali yokha ndiyo imakuonetsani kwa anthu oterewa.

Pali chinanso chimene ofufuza a ku Queensland University of Technology ku Australia anapeza atayesa madalaivala usiku pamsewu wotsekedwa: timizere tobweza kuwala tikaikidwa pa akakolo ndi m'mawondo, madalaivala amazindikira wanjinga ali patali kuposa pamene timizereto tili pa jekete pokha. Chifukwa chake n'chakuti miyendo imakwera ndi kutsika popalasa, ndipo diso la munthu limafulumira kuzindikira kayendedwe ka thupi la munthu mnzake. Choncho kalamba kobweza kuwala komanga pa akakolo, kamene ndi kachinthu kakang'ono zedi, kamachita ntchito yaikulu, komanso kamagwira mwendo wa buluku kuti usakodwe mu tcheni.

Nyali yakutsogolo muiweramitse pang'ono kuti iwunike msewu osati nkhope za anthu. Ku Germany malamulo amafuna kuti nyali ya njinga ikhale yodula kuwala kumtunda monga ya galimoto, ndipo ndikuona kuti nyali za mtundu umenewu n'zabwino kulikonse. Nyali yophethira imakopa maso, koma pamsewu wamdima dalaivala amavutika kudziwa kuti muli patali bwanji, motero usiku yakumbuyo ndi bwino iziyaka mosaphethira. Ya dayinamo simuiiwala kunyumba ndipo siitha moto, pamene yotchaja imafuna chizolowezi choitchaja nthawi yake isanakwane. Musananyamuke, imani kumbuyo kwa njinga muone ngati chikwama kapena jekete yolendewera sizikuphimba nyali yofiira.

Funso: Mbale wanga wandipatsa chisoti chimene ankavala iye. Chikuoneka chabwinobwino ngakhale akuti anagwa nacho kamodzi. Ndichivale? — Wophunzira wa kukoleji

Yankho: Ayi, chimenecho musachidalire. M'kati mwa chisoti cha njinga muli thovu louma la polystyrene limene ntchito yake ndi kuphwanyika pamene mutu wamenya pansi, kuti mphamvu ya kugundako ithere m'thovumo isanafike kuubongo. Thovu limeneli likaphwanyika silibwereranso mwakale, ndipo nthawi zambiri mng'alu wake umabisika pansi pa pulasitiki yakunja imene imaonekabe yosalala. Pachifukwa chomwechi sindilimbikitsa kugula chisoti chimene wina anachigwiritsapo kale ntchito, popeza simungadziwe zimene chinakumana nazo.

Pogula chatsopano, suzumirani m'kati muone kapepala kosonyeza muyezo umene chinayesedwa nawo, monga EN 1078 wa ku Europe kapena CPSC wa ku United States. Chisoti chotsika mtengo chokhala ndi chizindikiro chenicheni cha muyezo chinapambana mayeso omwewo amene chodula chinapambana. Ndalama yowonjezerayo nthawi zambiri imagula kupepuka ndi mabowo ambiri olowetsa mphepo. Chimene chimalepheretsa zisoti zambiri ndi kavalidwe. Chisoti chikhale chowongoka pamutu, osati chopendekera kunkhongo, ndipo pakati pa nsidze ndi m'mphepete mwake pangokwana zala ziwiri. Malamba a m'mbali akumane pansi penipeni pa khutu, ndipo lamba wa kuchibwano athine moti mungolowetsamo chala chimodzi kapena ziwiri. Mukagwedeza mutu chisoti n'kumasewera, ndiye kuti n'chachikulu. Muzikumbukiranso kuti chisoti chimachepetsa kuvulala mukagwa, koma sichiletsa ngozi, choncho sichilowa m'malo mwa nyali ndi mabuleki.

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito muofesi momwe tiyenera kuoneka bwino. Ndikafika pa njinga bulauzi imakhala itanyowa kumsana, ndipo siketi yanga ina inakodwa m'masipoko n'kung'ambika. Kodi ndisiye njinga? — Mayi wa muofesi

Yankho: Mayi, njinga musaisiye, popeza mavuto awiriwa ali ndi mankhwala ake. Kunyowa kwa kumsana kawirikawiri kumabwera ndi chikwama chobereka, chimene chimatsekereza mphepo pamalo pamene thupi limatulutsa thukuta lambiri. Katundu mumuchotse kumsana apite pa keliyala, kaya m'basiketi kapena m'zikwama zokoleka m'mbali mwa tayala lakumbuyo, ndipo mudzaona kusintha tsiku lomwelo. Makeliyala ambiri amalembedwa kulemera kumene angasenze, ndipo pa ambiri mudzapeza makilogalamu 25. Muyezo umenewu musaupitirire. Chinanso ndi liwiro, chifukwa munthu amene wanyamuka mphindi khumi nthawi isanakwane, n'kumapalasa pa giya yofewa, amafika asanatope ndiponso asanatuluke thukuta kwambiri.

Nsalu nayonso ili ndi mbali yake. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, motero limachedwa kuuma ndipo limazizira pathupi mukangoima. Poliyesitala amauma msanga koma amagwira fungo, pamene ubweya wa nkhosa wopyapyala wa mtundu wa merino sununkha msanga ngakhale kuti ndi wodula. Ngati ulendo wanu ndi wautali kapena wa zitunda, njira yosavuta ndi kupalasa mutavala malaya ena, bulauzi ya kuntchito mutaikulunga m'chikwama, chifukwa chovala chokulunga sichichita makwinya ngati chopinda.

Za siketi, njinga yabwino kwa inu ndi ija ya felemu yotsika pakati, yosafuna kuponya mwendo pamwamba pa chishalo. Pa njinga zambiri za ku Netherlands pamakhala chotchinga cha pulasitiki kapena cha ukonde chophimba mbali ya kumtunda ya tayala lakumbuyo, chimene ntchito yake ndi kuletsa siketi kapena jasi kulowa m'masipoko, ndipo wokonza njinga waluso angathe kukuikirani chotere. Chophimba tcheni nachonso chimateteza zovala ku girisi. Nsapato zikhale zogwira phazi lonse ndi zosaterera pa pedulo, ndipo ngati zili ndi zingwe, zingwezo muzilowetse m'kati, makamaka za kuphazi lamanja kumene kuli tcheni.

Funso: Nyengo ya mvula ndimafika nditanyowa ndi matope mpaka kumsana ngakhale ndavala jekete ya pulasitiki. Ndigule jekete yotani? — Kalaliki

Yankho: Bambo, musanagule jekete ina ikani kaye madigadi aatali kumatayala onse awiri, chifukwa mzere wa matope wa kumsanawo sukuchokera kumwamba ayi, ukuchokera ku tayala lanu lomwe. Madigadi amatetezanso mapazi ndi tcheni ku madzi amchenga amene amadya zitsulo. Jekete ya pulasitiki imatseka mvula koma imatsekeranso thukuta m'kati, n'chifukwa chake munthu amanyowabe. Nsalu zokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, monga Gore-Tex, zimatulutsa nthunzi ya thupi n'kukaniza madontho a mvula, koma nazonso zimalephera munthu akamapalasa mwamphamvu, choncho yang'anani jekete yokhala ndi zipi kukhwapa ndiponso yotalikirapo kumbuyo kuti iphimbe chiuno mukawerama. Pa ulendo waufupi, chofunda chamvula chotambalala chimene chimaphimba mahandulo ndi mawondo chimathandiza bwino chifukwa mphepo imalowera kunsi, ngakhale chimavuta kukakhala chimphepo. Ambulera popalasa ayi ndithu, chifukwa pa malimu onyowa mabuleki amachedwa kugwira ndipo manja onse awiri amafunika pa handulo.

Funso: Chishalo chimandipweteka. Kodi ndigule chofewa kwambiri? — Wowerenga wachikulire

Yankho: Bambo, chishalo chofewa kwambiri chimakoma mphindi zoyamba zokha, kenako mafupa okhalira amamira m'menemo ndipo kulemera kwa thupi kumapanikiza minofu yofewa ya pakati. Chofunika ndi chishalo cholimbirapo chimene m'lifupi mwake chikugwirizana ndi mafupa anu, ndipo munthu wopalasa atawongoka amafuna chotambalala kuposa wopalasa atawerama. Musanagule china, yesani kaye msinkhu wa chimene muli nachocho: mutakhala pachishalo, ikani chidendene pa pedulo imene ili pansi penipeni, ndipo mwendo uwongoke popanda chiuno kupendekera. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo, ndipo chimene mphuno yake yaloza kumwamba chimachititsa dzanzi. Dzanzilo likapitirira ngakhale mwakonza zonsezi, kaonaneni ndi dokotala.

Funso: Njinga yanga yoyamba inabedwa ndili nditaikhoma ndi loko ya waya. Pano ndagula ina. Ndiiteteze bwanji, nanga ndiziyenda ndi zida ziti? — Namwino

Yankho: Pepani kwambiri, mayi, chifukwa kuberedwa njinga imene mumaidalira pa ntchito yonga yanuyo n'kopweteka. Loko ya waya, ngakhale ioneke yonenepa, mbali yaikulu imakhala pulasitiki yokutira, ndipo wakuba amaidula m'kanthawi kochepa ndi chodulira cholowa m'thumba. Gulani loko yachitsulo cholimba yopindika ngati chilembo cha U, kapena tcheni chochindikala chokhala ndi loko yabwino. Pokhoma, loko izungulire felemu pamodzi ndi tayala lakumbuyo ndi chitsulo chozikika pansi chimene njinga singazulidwe kudutsira pamwamba pake. Mukakhoma tayala lakutsogolo lokha, wakuba amangomasula tayalalo n'kunyamula njinga yonse. Waya wakale uja angathandize kumangira tayala lakutsogolo ku lokoyo. Tembenuzaninso njinga muwerenge nambala ya felemu, imene kawirikawiri imadindidwa kunsi, pamene pamalumikizana mapedulo, ndipo muilembe pamodzi ndi kujambula njingayo, chifukwa ikadzapezeka umboni wanu udzakhala umenewo.

Zida zoyenda nazo n'zochepa: mpope waung'ono, chubu chimodzi chapadera, zigamba ndi guluu wake, timitengo tapulasitiki tochotsera tayala pa limu, ndi sipanala yogwirizana ndi manati a matayala anu. Pogula chubu ndi mpope onetsetsani mtundu wa vavu, chifukwa ilipo itatu yodziwika, Schrader yonga ya galimoto, Presta yowonda, ndi Dunlop, ndipo si mpope uliwonse umene umagwira yonse. Kukula kwa tayala kumalembedwa m'mbali mwake ndi manambala monga 37-622 kapena 40-635, ndipo nambala yachiwiriyo, imene ndi kukula kwa limu m'mamilimita, iyenera kugwirizana ndi zimene zalembedwa pa bokosi la chubu. Pambali yomweyo palembedwanso kuchuluka kwa mpweya umene tayalalo limafuna. Muzipopa mlungu uliwonse, chifukwa tayala lophwa limalemetsa njinga ndipo limatsina chubu pa limu mukagunda dzenje. Kusintha chubu muyambe mwakuyeserera kunyumba masana, kuti tsiku limene tayala lidzaphwe panjira manja anu adzakhale akuidziwa kale ntchitoyo.