Yankho kwa aphunzitsi ofuna kutsogolera ophunzira pofufuza za Chilembwe mu laibulale

Aphunzitsi, mwafunsa momwe mungathandizire ophunzira anu a Fomu 3 kufufuza mu laibulale za kuukira kwa John Chilembwe kwa mu 1915, popeza ambiri akungokopera zimene apeza pa foni. Malangizo anga ndi akuti mbali yaikulu ya ntchitoyi muigwire musanawatulutse m'kalasi.

Musawapatse mutu wakuti "Mbiri ya John Chilembwe", chifukwa mwana akapatsidwa mutu waukulu chotere amangolemba chilichonse chimene wakumana nacho. Agaweni m'magulu, ndipo gulu lililonse lilowe mu laibulale ndi funso limodzi lofuna yankho. Gulu lina lifufuze chifukwa chimene otsatira Chilembwe analunjika ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, usiku wa pa 23 Januwale 1915 n'kupha William Jervis Livingstone, yemwe anali woyang'anira esitetiyo. Funsoli lidzawafikitsa lokha pa nkhani ya thangata ndi kutenthedwa kwa matchalitchi a Chilembwe pa esitetiyo. Lina lione kalata imene iye analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo. Lina litsate ulendo umene anayenda ndi mmishonale Joseph Booth wopita ku America mu 1897, maphunziro ake ku Lynchburg, ndi kubwerera kwake mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu.

Inuyo mutsogoleko nokha tsiku lina kuti mukacheze ndi woyang'anira laibulale, kaya ndi ya pasukulu kapena nthambi ya National Library Service, mukaone mabuku amene alipodi ndi kupempha kuti awaike padera, popeza buku limodzi likabwerekedwa gulu lonse limasowa chochita. M'malaibulale otsata ndondomeko ya Dewey yosanjira mabuku ndi manambala, mbiri ya Malawi imapezeka pa nambala 968.97, ndipo ndi bwino kuti ana aipeze okha pa shelefu.

Pa tsiku lopita ndi ana ku laibulale, aphunzitseni kuyambira kumapeto kwa buku, kumene kuli mndandanda wa mayina ndi masamba ake. Wophunzira amene wagwira buku lalikulu ngati Independent African, lolembedwa ndi George Shepperson ndi Thomas Price mu 1958, amataya mtima akaona kuchindikala kwake, koma akatsetsereka ndi chala mpaka pa dzina la Magomero kapena la Booth amapeza masamba ochepa omuyenera. Pamwamba pa tsamba la kope lake alembe dzina la mlembi, la buku, chaka ndi nambala ya tsamba, kenako awerenge, atseke bukulo, ndipo alembe zimene wamva m'mawu akeake. Lamulo lotseka bukuli lisapeputsidwe, chifukwa ndilo limathetsa kukopera.

Pamene ndingakonde kuti mutherepo nthawi yambiri ndi pa funso lakuti analemba ndani, liti, ndiponso analembera yani. Lipoti la komiti yofufuza imene boma la atsamunda linakhazikitsa, lomwe linatuluka mu 1916, likuona Chilembwe ndi maso a olamulira, pamene D. D. Phiri, Mmalawi amene analemba dziko litalandira kale ufulu, akumuona ngati ngwazi. Ana anu akulira m'dziko limene nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama ndipo pa 15 Januwale ndi tchuthi, choncho n'kosavuta kuti atenge mbali imodzi osafunsa. Auzeni kuti gulu lililonse lipeze malo amene mabuku awiri akusiyana, lilembe mbali zonse ziwiri, ndipo linene imene likuikhulupirira ndi chifukwa chake.

Za National Archives ku Zomba, sindikulimbikitsani kupita ndi kalasi yonse pa ntchito ya msinkhu uwu, ndipo dziwani kuti zikalata zambiri za boma za nthawiyo zinapsa ndi moto mu 1919. Ngati muli pafupi ndi Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ingakuthandizeni inuyo pokonzekera.

Pochonga, itanitsani makope a manotsi pamodzi ndi nkhani yolembedwayo, ndipo muwauziretu kuti gawo lina la malikisi lichokera m'makopewo.