Atsogoleri a ma Guide akungosiya mmodzimmodzi, nditani poti ndalama yowalipira ndilibe?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Machinjiri, dzina ndasunga poti sanandiuze kuti nditchule. Iwowa anawapatsa udindo woyang'anira magulu 6 a ma Girl Guide, ena ali pa sukulu za pulayimale ena pa tchalitchi, ndiye analemba chonchi: "Chaka chatha ndinali ndi atsogoleri 11, pano amene akubwera mokhulupirika ndi 4 basi. Ena akuti popanda alawansi sangamataye Loweruka lawo, ena angosiya kuyankha pa WhatsApp. Atsikana akubwerabe koma akumapeza palibe munthu wamkulu. Nditani kuti anthu ongodziperekawa asamathawe?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo ndiyambe ndi mawu anu omwewo akuti atsikana akubwerabe, chifukwa imeneyo ndi nkhani yabwino imene mwina simukuiona poti mutu wadzaza ndi za akuluakulu. Zinayambanso choncho kale. Mu 1909 Robert Baden-Powell, amene anayambitsa ma Scout, atasonkhanitsa ma Scout ku Crystal Palace ku London atsikana anangotulukira okha osaitanidwa nkunena kuti nawonso akufuna, ndipo chaka chotsatira, mu 1910, ndi pomwe ma Girl Guide anakhazikitsidwa, mchemwali wake Agnes ndi amene anatsogolera. Atsikana sanasowepo, amene amasowa ndi akulu oti aime nawo. Kwathu kuno palinso china, nthawi ya a Kamuzu za ma Guide ndi ma Scout zinaima, achinyamata onse njira inali ya Payoniya, zinadzayambiranso titalowa matipate m'zaka za m'ma 1990. Ndiye pali m'badwo wonse wa amayi amene sanavaleko sikafu ali ana, sanaimepo mu patrol (kagulu kakang'ono ka ma Guide), sanapiteko ku kampu, ndipo ambiri mwa amene mukuwapemphawo akuphunzira zonse ali kale kutsogolo kwa ana 40. Sizophweka zimenezo.

Ine maganizo anga ndi akuti anthu anuwo sikuti ndi aulesi kapena okonda ndalama ayi. Munthu wongodzipereka amasiya akaona kuti wasiyidwa yekha, akuwononga ndalama ya m'thumba mwake, komanso ntchitoyo ilibe malire. Mawu oti alawansi amangotuluka chifukwa ndi osavuta kunena kusiyana ndi kunena kuti mayi ndatopa ndipo palibe akundiona.

Taganizani mmene timawapezera. Timapeza mayi pa tchalitchi kapena madamu pa sukulu nkuwauza kuti "mungothandizako pang'ono, si zambiri ayi", iwo nkuvomera mwaulemu poti kwathu kuno kukana munthu pamaso nkovuta. Pakutha pa miyezi iwiri apeza kuti ndi iwo okonza pulogalamu, olemba rejisita, otolera ndalama, okambirana ndi makolo, olemba ripoti, operekeza mwana amene wadwala mpaka kwawo, ndipo palibe anawauza kuti zidzatha liti. Pa sukulu ndiye zimavuta kwambiri chifukwa nthawi zambiri aheditichala amangoloza kuti madamu uje inu mutenge ma Guide, munthu amene ali kale ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, makope oti achonge, ndi banja lake likudikira. Ameneyo sanadzipereke, anamupereka. Ndiye pofunafuna atsopano nenani chilungamo: timakumana kamodzi pa sabata kwa ola limodzi ndi theka, pa teremu pali ulendo umodzi, pali miting'i ya atsogoleri kamodzi pa mwezi, ndipo tikukupemphani chaka chimodzi cha sukulu, chikatha tidzakhala pansi muone ngati mupitirize. Ena akana pomwepo, asiyeni akane, bola amenewo kusiyana ndi amene avomere kenako nkuzimitsa foni.

Tsopano za ndalamazi, apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri timasokoneza. Kulipira munthu ndi kumubwezera zomwe wawononga ndi zinthu ziwiri zosiyana. Malipiro mulibe ndipo musalonjeze, nenani poyera tsiku loyamba kuti kuno kulibe alawansi, chifukwa tonse tikudziwa mmene mabungwe ena anatizolowezera kuti ukangokhala pa mpando wa wekishopu madzulo usayina kenakake, ndiye munthu akamva kuti pali maphunziro a atsogoleri mumtima amayembekeza envelopu. Koma mtsogoleri wochokera ku Machinjiri amene mwamuitanira miting'i ku Limbe wakwera minibasi, mwina ndi kabaza pamwamba, wagula bando kuti atumize zithunzi zomwe mwapempha, wagula choko, pepala, mwinanso wagulira mandasi mwana amene anabwera osadya. Ndalama imeneyo yachoka pa ndiwo za ana ake. Mmene zinthu zakwerera panomu, kumuuza munthu wotero kuti ukhale ndi mtima wodzipereka ndi kumulakwira ndithu. Nthawi yake wapereka kale ulere, thiransipoti yokha imubwerere.

Mufunsa kuti ichokera kuti. Choyamba chepetsani zowonongazo. Miting'i izizungulira m'madera momwe atsogoleri akukhala, inu ndi amene muziyenda, osati anthu 10 kukwera minibasi kutsatira munthu mmodzi. Chachiwiri gulu lililonse likhale ndi kathumba kake, makolo azisonkha kochepa kamene agwirizana okha pa msonkhano, ndipo mwana amene kwawo alephera asabwezedwe pakhomo, zimenezo muzikonze mwakachetechete ndi komiti. Atsikana okha amatha kupezanso ndalama, kadimba ka masamba kuseri kwa sukulu, kusoka mapadi ochapa, kugulitsa zitumbuwa tsiku la masewera, ndipo akuphunzirapo kuwerengetsa. Koma ndalama isakhale m'manja mwa mtsogoleri yekha. Pakhale kope, asayine anthu awiri, kholo limodzi ndi mtsogoleri, ndipo ngati mukugwiritsa Airtel Money kapena Mpamba mauthenga ake aziwerengedwa pa msonkhano wa makolo. Izi sikuti mukumukayikira, mukumuteteza, chifukwa mawu amodzi oti "madamu aja adya ndalama za ana" akangoyenda m'dera, ngakhale ali abodza, munthu wabwino amachoka osabwereranso. Za yunifomu musalimbane nazo poyamba, sikafu yokha ndi yokwanira kuti mwana adzimve kuti ali m'gulu, zinazo zibwera.

China chimene sindisintha maganizo: gulu lisakhale ndi mtsogoleri mmodzi. Awiri, kuchepetsetsa. Wina akadwala, akapita ku maliro kumudzi, akamusamutsa sukulu, gulu lisafe naye. Ndipo wachiwiriyo asakhale mphunzitsi mnzake nthawi zonse, yang'anani ku mother group ya pa sukulupo, ku chigwirizano kapena ku mvano, kwa amayi a dawa ku mzikiti, anamwino opuma, komanso atsikana amene anali ma Guide alemba MSCE akudikira zotsatira. Amenewa ali ndi nthawi, nyimbo ndi masewera akuzidziwa kale, ana amawakonda, chongofunika ndi munthu wamkulu pambali pawo ndipo amene sanakwane zaka 18 asasiyidwe yekha ndi gulu, akadali mwana nayenso.

Komanso atsogoleri ambiri amatopa chifukwa akuyendetsa ma Guide ngati kalasi, iwo kutsogolo kuyankhula ana pansi kumvera. Si mmene zinakonzedwera. Njira yake ndi ya patrol, timagulu ta atsikana 6 mpaka 8, kalikonse ndi mtsogoleri wake amene atsikana asankha okha. Rejisita aitane ndi iwowo, nyimbo ayambitse ndi iwowo, masewera, kusesa malo, kusunga zipangizo, ngakhale kusankha kuti teremu ino tiphunzire chithandizo choyamba kapena kumanga mfundo za chingwe kapena tikwere Michiru. Masabata oyamba kumakhala phokoso ndi chisokonezo ndipo mtima umafuna kulanda nkupanga wekha, koma mukapirira mupeza kuti wamkuluyo ntchito yake yatsala kuyang'anira ndi kulangiza, ndipo kamtsikana ka Sitandade 6 kamene kamayankhula mogwetsa nkhope kakuitana mayina a anzake mokweza. Cholinga chenicheni cha ma Guide ndi chimenecho, ndiye mwapeputsa mtsogoleri uku mukupanga zomwe munabwerera.

Pali katundu wina amene atsogoleri sanena mu miting'i. Mwana akayamba kukukhulupirira amakuuza zinthu. Amakuuza kuti bambo omupeza amalowa kuchipinda kwake usiku, kuti kwawo akumukakamiza banja, kuti mwezi uno sanaone ndipo akuopa. Mayi wongodzipereka amene anabwera kudzaphunzitsa nyimbo ndi mfundo za chingwe amapita nazo kunyumba zimenezo osagona, osadziwa kuti auze ndani, akuopa kuti akanena banja lija limuda poti amakhala mzere umodzi ndipo amatunga pa kiyosiki imodzi. Ambiri amasiyira pamenepa koma chifukwa chomwe angakuuzeni ndi choti ndatanganidwa. Ndiye musadikire kuti zichitike. Khalani nawo pansi muwauze kuti mwana akaulula, mvetserani, musamukalipire, musamulonjeze kuti simuuza aliyense, musapite nokha kukafunsa woganiziridwayo, lembani zomwe wanena m'mawu ake ndipo tsiku lomwelo mundiimbire ine woyang'anira wanu. Aliyense akhale ndi nambala ya 116 mu foni, ndi yaulere yothandiza ana. Adziwe kuti ku polisi kuli Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ku Queens kuli One Stop Centre komwe mwana wochitiridwa nkhanza amathandizidwa malo amodzi, ndipo ngati wagwiriridwa afike kuchipatala msanga, asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Adziwenso kuti lamulo lili mbali yawo, la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana 18 ndi mwana. Mtsikana amene wabereka ali ndi mwayi wobwerera ku sukulu. Koma chachikulu nchoti inu mupite naye limodzi mtsogoleriyo kumaofesiko, asakaime yekha pa kauntala.

Malamulo ena ang'onoang'ono amawatetezanso iwo eni: osakhala ndi mwana mmodzi m'chipinda chotseka, ulendo uliwonse kalata yosayinidwa ndi kholo, ana azifika kwawo kusanade. Ndipo musanalandire mtsogoleri watsopano funsani za iye kwa anthu awiri omudziwa, ngakhale mukusowa anthu chotani.

Za WhatsApp zija mwati sakuyankha, tayang'anani kaye zimene mumalembamo. Ngati uthenga uliwonse ndi "tumizani ripoti pofika Lachisanu" ndi "amene sanatumize zithunzi ndi awa", munthu amayamba kuopa kutsegula. Ripoti likhale la mizere yochepa, abwera angati, mwapanga chani, vuto ndi chani, ngakhale pa voisi noti. Ndipo muziyenda. Fikani pa gulu lawo osati ndi fomu yoyendera koma kudzagwira nawo tsikulo, mutenge patrol imodzi, muimbe nawo, pomaliza mufunse kuti mayi chikukuvutani nchiyani. Akaferedwa pitani, akadwala kawaoneni, akabereka atsogoleri anzake asonkhe kasopo. Anthu amakhala pamene akuwerengedwa ngati anthu. Pa miting'i ya pamwezi ija theka la nthawi likhale loti wina aphunzitse anzake sewero kapena luso limene lamuyendera, aliyense abwerere ndi pulogalamu ya masabata anayi m'manja, chifukwa chotopetsa china ndi kudzuka Loweruka osadziwa kuti lero ana ndiwapangitsa chani. Lumikizanani ndi a Malawi Girl Guides Association za maphunziro a atsogoleri ndi mabuku, munthu amene waphunzitsidwa nkulandira setifiketi amaima molimba mtima.

Kalendala muiyang'anenso. Nyengo ya mvula maulendo a m'mapiri ndi kuwoloka mitsinje ayi, tonse tikukumbuka zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023. Teremu ya mayeso aphunzitsi amapanikizika, chepetsani zochita, ndipo holide ikhale holide kwa mtsogolerinso.

Kuthokoza kusakhale kwa pakamwa pokha. Pa 22 Febuluwale ma Guide dziko lonse lapansi amakumbukira World Thinking Day, tsiku lobadwa la Baden-Powell ndi mkazi wake Olave, ndiye tsiku limenelo itanani makolo, amfumu, aheditichala, abusa, muimike atsogoleri anu kutsogolo muwatchule mayina mmodzimmodzi ndi zimene aliyense wachita, atsikana awalembere timakalata ndi manja awo. Itananinso amuna awo ndi apabanja, chifukwa kunyumba kukakhala mawu oti umangotaya nthawi ndi ana a eni, mayi uja sachedwa kusiya, koma bambo akamva mkazi wawo akuyamikiridwa pagulu nkhani imasintha. Kwa achitsikana aja alembereni kalata yabwino yowachitira umboni, idzawathandiza pofunsira ntchito kapena koleji.

Nanga 7 amene achoka aja? Musawalembere pagulu. Pitani kwa aliyense payekha, kunyumba kwake ngati nkotheka, osati kukawanyengerera kuti abwerere koma kukathokoza ndi kufunsa chomwe chinavuta, ndipo mukamve osadziteteza. Mupeza wina anangofuna thiransipoti, wina anayambana ndi mnzake, wina sangathe sabata iliyonse koma kamodzi pa mwezi kudzaphunzitsa kusoka angathe, mulandireni choncho. Amene watsimikiza kuti basi, mutsanzikane bwino.

Pakali pano ndi atsogoleri 4 simungayendetse magulu 6, ndipo ana kumapezeka okha popanda wamkulu ndi zoopsa, zimenezo ziime sabata ino. Phatikizani oyandikana akhale magulu awiri, lililonse atsogoleri awiri, a kutali muwauze makolo poyera kuti taima kaye mpaka teremu ya mawa pamene tikufuna anthu, ndipo pa msonkhano womwewo mufunse kuti mwa inu amayi muli pano ndani angatipatse chaka chimodzi. Mudzandilemberenso teremu ikatha mundiuze kuti anaimika manja ndi angati.