Za git push yaitali ija, njira yofupikitsira ilipo

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani mukangopanga branch yatsopano Git imakana `git push` wamba, n'kukuuzani kuti mulembe `git push --set-upstream origin` ndi dzina lonse la branch, komanso ngati pali njira yoti musamataipe zonsezo tsiku ndi tsiku. Njira ilipo ndipo ndi mzere umodzi. Koma ndaona anzathu awiri ayankha kale, wina akuti muike `push.default` pa `matching`, wina akuti mupange alias (dzina lachidule la command) ya `gp` yokhala ndi `-f` mkati, kutanthauza kupusha mokakamiza. Zonse ziwirizo musachite, ndifotokoza chifukwa chake pansipa.

Mzere wake ndi uwu:

git config --global push.autoSetupRemote true

Mukautaipa kamodzi, nkhani yatha. Kuyambira pamenepo mukapanga branch, n'kuchita commit, n'kulemba `git push`, Git ipanga yokha branch ya dzina lomwelo ku remote (repo ya pa server imene mumapushako, monga `origin`) ndi kuzilumikiza ziwirizo. Kungoti setting imeneyi inabwera mu Git 2.37, mu 2022, ndiye yambani mwaona `git --version`. Apa m'pamene ambiri amakodwa, chifukwa Ubuntu 22.04 imabwera ndi Git 2.34.1, ndipo Git siidandaula mukaipatsa setting imene siikuidziwa. Imangoilemba mu `~/.gitconfig` n'kukhala chete ngati yamva. Mawa lake mukupusha, uthenga womwe uja wabweranso, inu n'kumaganiza kuti munalakwitsa sipelo. Ubuntu 24.04 ili ndi 2.43, Debian 12 ili ndi 2.39, kumeneko zimayenda. A pa Windows lembani `git update-git-for-windows` ikutsitsirani yatsopano.

Ngati muli pa kompyuta yakuntchito imene simuloledwa kusinthapo Git, gwiritsani ntchito iyi:

git push -u origin HEAD

`-u` ndi chidule cha `--set-upstream`, ndipo `HEAD` ikuimira branch imene mwaimapo panopa, choncho dzina lija simulitaipanso ngakhale litalike bwanji. Mukafuna, ipangeni alias ndi `git config --global alias.pb "push -u origin HEAD"`, ndiye muzingolemba `git pb`. Ikani ma quote awiriawiri ngati mmene ndalembera, chifukwa cmd ya Windows samva amodziamodzi aja.

Tsopano chimene chimachitika pansi pake, poti mukachimvetsa simudzafunikanso kuloweza ma command. Push yathunthu ili ndi zinthu zitatu: remote imene mukutumizako, branch yanu imene mukutumiza, ndi branch ya kumeneko imene ikalandire. Yolemba mosadumpha kanthu imaoneka chonchi, `git push origin konza-login:konza-login`. Kumanzere kwa colon ndi kwanu, kumanja ndi kwawo. Mukasiya colon ndi dzina lachiwirilo, Git imatenga kuti maina ndi ofanana. Mukasiya zonse n'kungolemba `git push`, Git iyenera kudzaza yokha malo atatuwo, ndipo imakayang'ana mu `.git/config`. Tsegulani fayilo imeneyo mutapusha ndi `-u`, mupeza yawonjezera izi:

[branch "konza-login"]
    remote = origin
    merge = refs/heads/konza-login

Upstream imene akunena ija ndi mizere itatu imeneyi basi. Ndi yomweyonso imene `git pull` imawerenga kuti idziwe kokatenga, ndi imene imachititsa `git status` kukuuzani kuti muli patsogolo ndi ma commit awiri kapena mwatsalira ndi asanu. Branch yatsopano mizere imeneyi imakhala ilibe, n'chifukwa chake Git imafunsa. Zili ngati katundu amene mwamukweza pa basi osalembapo kumene akupita. Kondakitala wanzeru sangamutsitse paliponse pongoganizira.

Koma Git sinali yosamala chonchi kuyambira kale, ndipo apa m'pamene pakubwera nkhani ya `matching`. Git isanafike 2.0, `git push` yopanda kanthu inkatumiza ma branch onse amene ali ndi dzina lofanana kwanu ndi ku remote, osati imene mwaimapo yokha. Kwa munthu ngati Junio Hamano, amene wakhala akuyang'anira Git kuchokera mu 2005 pamene Linus Torvalds anamusiyira, zimenezo zinali bwino, poti amakonza ma branch ake onse kenako n'kuwatulutsa pamodzi ku repo imene amapushako yekha. Kwa anthu asanu amene akupusha ku repo imodzi ndi nkhani ina. Taganizani muli pa `konza-login`, mwachita rebase (mwalembanso mbiri ya ma commit anu), ndiye mukufunika kupusha mokakamiza. `main` ya pa laputopu yanu simunaichite pull kuyambira sabata yatha, anzanu aikamo ma commit khumi. Mukalemba `git push -f` muli pa `matching`, Git itumiza `konza-login`, itumizanso `main` yanu yakale ija n'kuibweza ya ku remote m'mbuyo, ma commit khumi aja osaonekanso. Pa sikirini pangotuluka mzere wina wowonjezera wokhala ndi mawu akuti forced update, umene munthu wotopa saawerenga n'komwe. N'chifukwa cha zoterezi anabweretsa `simple` mu Git 1.7.11 mu 2012, ndipo mu 2014, potulutsa 2.0, anaipanga kukhala yokhazikika. `simple` imatumiza branch imodzi yokha, imene mwaimapo, ndipo imakana ngati dzina lake likusiyana ndi la upstream. Amene akukuuzani za `matching` mwina anaiona pa tsamba lakalekale. Isiyeni `simple` mmene ilili.

Ena angakuuzeni `push.default current`. Imeneyo si yoopsa, imatumiza branch yanu ku dzina lomwelo ku remote popanda kufunsa. Vuto lake nlakuti siilemba mizere itatu ija. Push idutsa bwinobwino, koma tsiku limene mnzanu waonjezera commit pa branch yomweyo inu n'kulemba `git pull`, muuzidwa kuti There is no tracking information for the current branch, mwabwereranso pomwe munayambira. Kwa ine `autoSetupRemote` ndiyo yabwino, poti imachita zonse ziwiri.

Pali msampha wina umene ndikufuna muudziwe, chifukwa `autoSetupRemote` siuchotsa. Ambiri timapanga branch chonchi: `git switch -c konza-login origin/main`, kuti iyambire pa `main` yatsopano ya ku remote. Ndi chizolowezi chabwino, koma Git ikaona kuti mwayambira pa branch ya ku remote, imaika `origin/main` kukhala upstream ya branch yanuyo. Ndiye mukapusha, upstream ilipo kale, `autoSetupRemote` ilibe chochita, ndipo `simple` ikana poti maina akusiyana. Uthenga wake umakupatsani ma command awiri oti musankhe. Yoyamba ndi `git push origin HEAD:main`, yachiwiri ndi `git push origin HEAD`. Munthu wachangu amakopera yoyambayo poti ndi imene ili pamwamba, ndipo ntchito yosamaliza imalowa mu `main` mwachindunji, popanda pull request, popanda wina kuiona. Imene mukufuna ndi yachiwiri, ndipo muikepo `-u` kuti ikonzeretu upstream yolakwikayo. Kuti zisamachitikenso, onjezerani `--no-track` popanga branch, kapena ikani `git config --global branch.autoSetupMerge simple`, imene inabweranso mu 2.37 momwemo. Ikakhala choncho Git imalumikiza branch yatsopano ndi ya ku remote pokhapokha maina akafanana. Msampha womwewu ndi chifukwa chake sindikonda `push.default upstream`, chifukwa imeneyo siikana n'komwe, imangopititsa ntchito yanu ku `main` mwakachetechete.

Mukafuna kuona kuti branch iliyonse yalumikizidwa kuti, `git branch -vv` ikuonetsani. Ndipo `git push -n` imakuuzani chimene chikanatumizidwa popanda kutumiza chilichonse. Ndi zilembo ziwiri zokha, koma anthu saigwiritsa ntchito.

Za alias ya `-f` ija. Push wamba ifupikitseni mmene mungathere, chifukwa ikafuna kufufuta ma commit a anzanu remote imangoikana, palibe chimene chawonongeka. Push yokakamiza ikalakwika imafufuta ntchito ya anthu ena, ndiye siiyenera kukhala pa zilembo ziwiri zimene zala zimataipa zokha mutu uli kwina. Ngati mumachita rebase kawirikawiri, pangani alias ina yapayokha:

git config --global alias.pf "push --force-with-lease --force-if-includes"

`--force-with-lease` imayamba yafunsa ngati branch ya ku remote ikadali pamene inu munaisiya pomaliza kuchita fetch. Ngati wina waikapo kanthu, ikana. Komano ili ndi pofookera pake. Ngati editor yanu imachita fetch yokha kumbuyo, monga VS Code mukayatsa `git.autofetch`, Git imaona ngati ma commit a mnzanuwo mukuwadziwa kale pamene simunawaone ndi maso, ndiye imalola kuwafufuta. `--force-if-includes`, imene inabwera mu 2.30, imatseka mpata umenewo poonetsetsa kuti zimene zili ku remote zinalowadi mu branch yanu musanayambe kuikonzanso. Pamwamba pa zonsezi, tetezani `main` ku server komweko. GitLab imaiteteza yokha mukangopanga project, pamene pa GitHub mumakaika nokha mu Settings.

Colon ija nayo ichenjereni. `git push origin :konza-login` imafufuta branch ku remote, chifukwa mwauza Git kuti itumize chopanda kanthu ku dzina limenelo. Polemba pamanja si kawirikawiri munthu kulakwitsa chonchi, koma mu script zimachitika. Mwalemba `git push origin $BRANCH:staging`, tsiku lina `$BRANCH` yabwera yopanda kanthu, shell yasiya `:staging` yokha, ndipo `staging` yapita. Mukafunadi kufufuta lembani `git push origin --delete konza-login`, kuti aliyense wowerenga aone chimene mukutanthauza, ndipo mu script muzilemba `HEAD:staging` kapena muziyamba mwaona kuti variable ili ndi kanthu.

Simunanene ngati mumagwira ntchito pa fork, kope lanulanu la repo ya anthu ena. Ngati ndi choncho, mumatenga ku repo ya eni ake koma mumapusha ku yanu, ndiye ma remote ndi awiri. Lowani mu repo imeneyo mulembe `git config remote.pushDefault origin`, popanda `--global`, `origin` ikhale fork yanuyo. Push iliyonse izipita kwanu ngakhale branch ikutsatira ya eni ake, ndipo `simple` ikaona kuti kopusha n'kosiyana ndi kotenga, imangogwiritsa dzina la branch yanu osavutanso.

Mukaika `autoSetupRemote` koma ikukanabe, mwina pali setting ina mu repo momwemo imene ikuposa ya global. Lembani `git config --show-origin --get-all push.default`, ikuuzani fayilo imene yaikidwamo. Zikavutabe, tumizani pano zimene `git --version` ndi `git branch -vv` zikuonetsa, pamodzi ndi uthenga wonse umene ikukupatsani, osadula mizere yapansi ija.