"Musadandaule" si mankhwala

Mng'ono wanga, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti m'kalasi ya unamwino akuphunzitsani therapeutic communication, kutanthauza kulankhulana ndi wodwala m'njira yomuthandiza, koma mutafika ku wodi mwapeza odwala ali mbwee, nthawi palibe, ndiye mukufunsa ngati zimenezi sizongolembera mayeso, komanso ngati zikusiyana n'kungokhala munthu waulemu. Ena ayankha kale kuti muzimwetulira ndi kupereka moni. Sindikutsutsa, koma nkhaniyi siithera pamenepo.

Namwino akhoza kukhala waulemu, wansangala, wokondedwa ndi wodi yonse, koma n'kuchoka pabedi asanamve chimene chikumudya wodwala. Ine zinandichitikira. Ndili wophunzira ngati inuyo, usiku wina ndinkakonzekeretsa mayi wina amene m'mawa mwake ankapita ku fiyeta. Ndikuwayeza BP, iwo anafunsa chapansipansi kuti, "Kodi anthu amadzuka ku tulo timeneti?" Ine maso ali pa makina ndinangoti, "Aa, musadandaule mayi, zonse ziyenda bwino." Anati chabwino, n'kutembenukira kukhoma. Ndinatuluka ndikudzimva kuti ndawalimbitsa mtima.

Pakati pa usiku sisitala wamkulu anawapeza ali maso. Anakoka mpando, n'kukhala pansi, nati, "Mayi, ndaona tulo takukanani. Za mawazi mukuziganiza bwanji?" Basi, anakhala chete. Ine ndinaima kumiyendo kwa bedi, pakamwa pakundiyabwa kuti ndinene kanthu. Patapita kanthawi mayi aja anafotokoza kuti mchemwali wawo atagonetsedwa pa opaleshoni anatentha thupi koopsa, minofu n'kuuma, ndipo anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Inu mwaphunzira kale za vuto limeneli, lotchedwa malignant hyperthermia: imayenda m'magazi a pabanja, ndipo wogonetsa anthu ku fiyeta akadziwiratu amasankha mankhwala ena. Sisitala anamudziwitsa usiku womwewo. Funso la mayi aja linali khomo lotsegula pang'ono, ndipo ine ndi "musadandaule" wangayo ndinalitseka.

Vutoli si lalero. Florence Nightingale, namwino wotchuka wa ku Britain, mu 1859 anadandaula kale za anthu amene amatopetsa wodwala pomupatsa chiyembekezo chopanda maziko. Kunena zoona, mawu amenewa nthawi zambiri timatonthoza nawo mtima wathu womwe, chifukwa mantha a munthu wina ndi olemera kuwamvera.

Tsono kusiyana kwake ndi ulemu wamba n'kwakuti kulankhulana kumeneku kuli ndi cholinga, ndipo mwini nkhani ndi wodwala. Hildegard Peplau, namwino wa ku America amene mumumva kwambiri m'kalasi, analemba mu 1952 kuti ubale wa namwino ndi wodwala ndi mbali ya chithandizo chenichenicho, ndipo uli ndi poyambira, pogwirira ntchito, ndi pomalizira. Poyambira pake n'posavuta koma timapalumpha: kunena dzina lanu, kuti ndinu wophunzira, chimene mwabwerera, ndi kufunsa mmene iwo akufuna muziwatchulira. Munthu si "bedi 6" kapena "wa shuga uja".

Tibwere pa nthawi, poti ndi pamene mtima wanu uli. Mu 1984 ofufuza awiri a ku America, Beckman ndi Frankel, anajambula mawu a madokotala akuonana ndi odwala, ndipo anapeza kuti wodwala ankadulidwa pakamwa atangolankhula pafupifupi masekondi 18. Mu 2002 ku Basel, m'dziko la Switzerland, madokotala anauzidwa kuti angomvetsera osadula. Odwala ankalankhula pafupifupi masekondi 92, ndipo ambiri ankamaliza mphindi ziwiri zisanakwane. Kafukufukuyu anali wa madokotala, koma nthendayi ifenso tili nayo. Timaopa kuti tikamusiya alankhule afika nafe kutali, pomwe wodwala amene sanamvedwe ndi amene amakuitanani kasanu usiku umodzi, kapena kubwereranso sabata yamawa mapiritsi atamwa mosemphanitsa.

Ndiponso simusowa kupatula nthawi yapadera. Mukusintha dripu, mukutsuka bala, manja ali pa ntchito koma makutu ali pa ulesi. Agwiritseni ntchito. Chachikulu ndi mmene funso mwaliumbira. "Mwagona bwino eti?" yankho mwalipereka kale inuyo, ndipo wodwala waulemu angovomera. "Usiku unayenda bwanji?" limamusiyira malo. Mafunso a inde kapena ayi ali ndi ntchito yake, makamaka zinthu zikathina: munthu akubanika simungamuuze kuti afotokoze mbiri yake, mumafunsa mwachidule kuti "Pachifuwa pakupweteka?" Koma funso limene ndimadana nalo kwambiri ndi la "chifukwa chiyani". "Chifukwa chiyani munasiya mankhwala?" limamveka ngati mlandu, ndipo munthu akamazengedwa mlandu amanama. Yesani kuti, "Bambo, chinavuta n'chiyani pa kamwedwe ka mankhwalawa?" Mumva kuti ankawachititsa chizungulire, kapena ankawabisa kuti akunyumba asawaone.

Kukhala chete ndiye luso lovuta kuposa onse. Mukafunsa, werengani mumtima mpaka faifi musanawonjezere mawu. Ngati n'kotheka khalani pansi kuti maso anu alingane ndi awo, chifukwa munthu wogona akamayang'ana woimirira amadziona wochepa. Akanena chinthu cholemera, chibwezeni m'mawu ochepa: "Mukuti mukuopa kuti simudzagwiranso ntchito." Musathamangire kunena kuti "ndikudziwa mmene mukumvera". Simukudziwa. Ndipo musayambe kusimba za azakhali anu amene anadwala zomwezo, pakuti pamenepo wodwala ndi amene wayamba kukumverani inu.

Tsiku lina wina adzakufunsani kuti, "Anamwino, kodi ndifa?" Musaname, komanso musalengeze zimene si udindo wanu kulengeza. Funsani chimene chawaganizitsa zimenezo, ndi zimene adokotala awauza kale. Ngati yankho mulibe, nenani kuti mulibe, ndipo mukaitana amene angafotokoze. Mukalonjeza kuti mubweranso, bwereranidi, ngakhale kungodzanena kuti adokotala sanapezeke. Wodwala amawerengera mphindi zimene ife taziiwala.

Za wodwala wolusa ndingonena pang'ono. Kawirikawiri pansi pa ukali pamakhala ululu, mantha kapena kudikira kwa nthawi yaitali. Tsitsani mawu, vomerezani chimene chili choona, monga "Mwadikiradi nthawi yaitali", osayamba n'kudziteteza. Koma kumvetsera si kulola kutukwanidwa kapena kumenyedwa ayi. Zikafika apo, tulukani mukaitane wamkulu wanu.

Pomutulutsa wodwala pali msampha wina. Timafotokoza kamwedwe ka mankhwala mothamanga, m'mawu athu a kuntchito, kenako n'kufunsa kuti "Mwamva?" Ndani angayankhe kuti sanamve? M'malo mwake apempheni abwereze m'mawu awoawo, koma mlandu muuike pa inu: "Ndikufuna ndione ngati ndafotokoza bwino. Mukafika kunyumba mukamwa bwanji?" Agogo ena anandiyankha kuti mapiritsi atatu a pa tsiku akamwa onse pamodzi m'mawa kuti asaiwale. Ndikanangofunsa kuti "mwamva", akanagwedeza mutu n'kumapita. Wodwazika akhalepo pofotokozapo ngati wodwala walola, koma nkhope yanu iziyang'ana kwa wodwalayo, osamulankhulira pamutu ngati kulibe.

Pomalizira paja Peplau ankanena timapaiwala kwambiri. Nthawi yoweruka ikakwana, musangosowa. Dutsani pabedi, muwauze kuti inu mukupita, amene akulowa ndi uje, ndipo nkhani ya ululu wa usiku uja mwamusiyira. Mawa mukalowa, sankhani wodwala mmodzi yekha, mufunseni funso limodzi lotseguka, ndipo musamudule mpaka amalize. Mudzatiuze muno kuti zinatenga masekondi angati.