Fomu yanga ikukana ziro, kodi ndasankha maphunziro olakwika?

Funso: Aphungu, ndili chaka choyamba cha maphunziro a kompyuta. Anatipatsa ntchito yopanga fomu ya pa intaneti m'chilankhulo cha mapulogalamu cha PHP, ndipo penapake imafunsa kuti munthu ali ndi ana angati. Wolemba 2 kapena 5 zikumuyendera, koma wolemba 0 fomu ikumuuza kuti sanadzaze. Ndinagwiritsa ntchito empty, lamulo la PHP loona ngati chinthu chili chopanda kanthu. Aphunzitsi andichotsera malikisi ambiri, moti ndayamba kuganiza kuti mutu wanga si wa zimenezi.

Yankho: Mwanawe, mutu wako uli bwinobwino. Dzenje lomwe wagweramoli ngakhale akatswiri amagweramo akamalemba mothamanga, ndipo kuli bwino kuti wagweramo uli m'kalasi, anthu asanayambe kudalira ntchito yako.

Iwe ndi PHP simunamvane pa tanthauzo la "mulibe kanthu". Kwa empty, zonsezi n'zopanda kanthu: variable (dzina losungiramo chinthu mu pulogalamu) yomwe sinapangidwe n'komwe, null (chizindikiro choti palibe chilichonse), false, mawu opanda chilembo ngakhale chimodzi, array (mndandanda wosungiramo zinthu) yopanda zinthu, nambala 0, komanso "0" wolembedwa ngati mawu. Pomaliza apa ndi pomwe wapunthwa. Zolembedwa mu fomu zimafika ku seva, kompyuta yomwe imalandira fomuyo, ngati mawu, ndiye mayi yemwe alibe mwana akalemba 0, PHP imalandira "0", empty n'kunena kuti sanayankhe. Chonsecho mayiyo wayankha, ndipo wanena zoona. Choseketsa n'chakuti wina akangodina space kamodzi osalemba china chilichonse, empty yomweyo imamulola kudutsa.

Mnzake wa empty ndi isset, ndipo funso lake ndi lina: kodi variable ilipo, ndipo si null? Zamkati sizimukhudza. Koma usathamangire kuchotsa empty n'kuikapo isset, chifukwa ukhala wathawa mvula n'kugwera m'chitsime. Bokosi lolembamo mawu likasiyidwa osalembamo, browser imalitumizabe lili choncho, ndipo isset imati lilipo. Pomwe isset amathandiza kwambiri ndi pa tibokosi tochonga, popeza kabokosi kosachongedwa sikatumizidwa n'komwe.

Pa fomu yakoyo chita chonchi. Yamba ndi $ana = trim($_POST['ana'] ?? ''); kenako ufunse ngati $ana === ''. $_POST ndi array momwe mumafikira zolembedwa mu fomu. Zizindikiro ziwiri zofunsira zija (??) zinabwera ndi PHP 7.0 mu 2015, ndipo tanthauzo lake n'lakuti chinthucho chikasowa kapena chikakhala null, tenga chili kumanjaku. Osazinyozera, chifukwa kuyambira PHP 8.0 ya mu 2020, ukawerenga chinthu chomwe mulibe mu array umalandira chenjezo loti Undefined array key. Ntchito ya trim ndi kuchotsa mipata ya m'mbali, choncho wodina space uja wagwidwa. Zizindikiro zitatu zofananitsira (===) zimayang'ana mtundu wa chinthu ndi zamkati zomwe, ndiye "0" sangasokonezeke ndi mawu opanda chilembo.

Ukafuna kutsimikiza kuti walembadi nambala, pali filter_var ndi FILTER_VALIDATE_INT. Chenjera, ziro akukudikiranso pamenepa. Zikalephera imabweza false, koma munthu akalemba 0 imabweza 0, ndipo if wamba, lamulo lofunsa ngati chinthu chili choona, amaziona zonse ziwiri ngati chimodzi. Yerekeza ndi === false.

Chaka chamawa mwina mudzayamba JavaScript, chilankhulo china cha mapulogalamu, ndipo usadzapite kumeneko ndi malamulo a PHP m'mutu. Kumeneko nambala 0 imawerengedwa ngati bodza, koma "0" wa mawu ndi array yopanda zinthu zimawerengedwa ngati zoona. Kulinso undefined, wosonyeza kuti chinthu sichinaikidwemo kanthu, pambali pa null. Zilankhulo ziwirizi zimagwira ntchito pa tsamba limodzi, koma pa nkhani ya ziro sizigwirizana.

Pa za ntchito, ndikuuze ichi. Mafunso oyesa olemba mapulogalamu amakonda tinthu ngati timeneti, kusiyana kwa isset ndi empty, kapena kwa == ndi ===. Woloweza pamtima amatchula mndandanda n'kukhala chete. Iwe uli ndi nkhani yoti unene: fomu yako inakana munthu wopanda ana, unapeza chifukwa chake, unakonza. Ine n'takhala wofunsa, ndingatenge wachiwiriyu.

Ndiye fomu iliyonse yomwe upange, usanapereke uziiyesa ngati munthu wovuta. Lembamo 0, dina space yekha, siya osalemba, lemba zilembo pamalo pa nambala. Ukasokonezeka, var_dump($_POST) ikuonetsa zenizeni zomwe zafika ku seva, mtundu wake ndi kutalika kwake komwe. Ukakonza ntchitoyi, pita nayo kwa aphunzitsi, uwafotokozere pomwe unalakwitsa ndi mawu akoako, ndipo uwafunse mwaulemu ngati angakulole kuiperekanso.