Kodi dzina la paki yatsopano amasankha ndani?

Mayi wina wandilembera pa imelo sabata yathayi. Akuti kudera kwawo kuli malo omwe kwa zaka zambiri anthu ankatayapo zinyalala, ndipo tsopano khonsolo yawasalaza, yabzala kapinga ndi mitengo kuti pakhale paki. Mphekesera zili ponseponse zoti pakiyo itchedwa dzina la wandale wina. Funso lawo ndi ili: "Kodi dzina la malo ngati amenewa amasankha ndani? Ife eni dera tili ndi mawu, kapena tidzangodzuka m'mawa n'kupeza chikwangwani atakhoma kale?"

Zikomo mayi pondilembera. Paki ya mumzinda ndi katundu wa khonsolo, choncho dzina lake lovomerezeka limatuluka ku khonsolo komweko. Nthawi zambiri limayamba ngati ganizo la munthu mmodzi: khansala wa wodi yanu, wogwira ntchito ku nthambi yoona za mapaki, kampani yomwe yathandiza ndi ndalama, kapena nzika wamba yomwe yalemba kalata. Ganizolo limapita ku komiti. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limati khonsolo iliyonse ikhale ndi makomiti monga ya zachuma, ya zachitukuko, ya zomangamanga, ya zaumoyo ndi zachilengedwe. Komiti ikagwirizana, imatengera nkhaniyo ku msonkhano wa khonsolo yonse, komwe makhansala amavota. Mafumu omwe amakhala nawo m'khonsolo amalankhula, koma savota.

Apa pali chinthu chomwe ndikufuna muchigwire. Msonkhano wa khonsolo yonse kawirikawiri umangovomereza zomwe komiti yaphika kale. Mukadikira tsiku limenelo, mudzapeza nsima itaomoledwa. Malo oyenera kufikako msanga ndi kwa khansala wanu, nkhani isanachoke ku komiti. Ndipo tithokoze kuti khansala woti n'kumufikira alipo, poti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndipo zinthu ngati izi zinkathera m'maofesi.

Makhonsolo ambiri padziko lapansi akamapima dzina amafunsa mafunso ofanana. Kodi dzinali lilipo kale pamalo ena mumzinda womwewu, loti lingasokoneze wa ambulansi? Kodi anthu angathe kulitchula? Ngati ndi dzina la munthu, anachitira chiyani dera limenelo? Ena anachita kuika lamulo loti munthu wamoyo dzina lake lisaikidwe pamalo, ayambe wamwalira, papitenso zaka. Ine lamulo limeneli ndimalikonda. Munthu wamoyo mbiri yake sinathe kulembedwa, ndipo wandale wolemekezeka lero, mawa amakhala akukwera masitepe a kukhoti.

Mukafuna kuona zomwe zimachitika dzina likatsamira pa ndale, simusowa kupita kutali. Bwalo lalikulu la mpira ku Blantyre linkatchedwa Rangeley Stadium nthawi ya atsamunda. Kenako linakhala Kamuzu Stadium. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, boma la a Bakili Muluzi linalitcha Chichiri Stadium, ndipo mu 2004 a Bingu wa Mutharika anabwezeretsa dzina la Kamuzu. Bwalo limodzi lomwelo, mabenchi omwewo, koma wolemba zikwangwani ndiye anadyapo bwino. Msewu waukulu wodutsa pomwepo unali Kamuzu Highway, lero ndi Masauko Chipembere Highway. Zimenezi zinkachokera kumwamba, ku boma lalikulu, osati ku khonsolo, koma matenda ake ndi omwewo.

Ndiye taonani paki yomwe ili chapafupi pomwepo. Pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri ankachita misa pamalopo mu Meyi 1989, ankati Kwacha Park. Lero pamapepala ndi Njamba Freedom Park. Koma imani pa siteji m'mawa mumve momwe anthu amanenera. Palibe amene amauza kondakitala kuti "nditsika pa Freedom Park". Amangoti "pa Njamba", kondakitala n'kumenya chitseko, minibasi n'kuima. Mawu andale aja anangotsalira pa chikwangwani, pakamwa pa anthu panatsala dzina la dera. N'chimodzimodzi Ginnery Corner: ambiri mwa achinyamata otsika pamenepo sanaonepo makina otola njere za thonje omwe anapatsa malowo dzina, koma palibe khonsolo yomwe ingalichotse dzinalo pakamwa pawo.

Mwafunsanso ngati muli ndi mawu. Muli nawo, ndipo kwina anthu anafika nawo mpaka kukhoti. Ku Durban, ku South Africa, khonsolo ya eThekwini inasintha mayina a misewu yambiri m'zaka za 2007 ndi 2008. Anthu ena anakwiya mpaka kumapaka penti zikwangwani zatsopanozo usiku. Mu 2011 khothi lalikulu la apilo linagamula kuti kusintha kwa misewu 9 yoyambirira kunali kosatsata lamulo chifukwa anthu sanafunsidwe mokwanira, pomwe misewu ina yomwe anthu anapatsidwa mpata woyankhapo inasiyidwa ndi mayina ake atsopano. Khothi silinanene kuti dzina ili ndi labwino kapena loipa. Linangoyang'ana njira yomwe khonsolo inadzera.

Komabe kufunsa anthu sikutanthauza kuti chomwe chapeza mavoti ambiri ndicho chilembedwe. Mu 2016 ku Britain anapempha anthu kuti avotere pa intaneti dzina la sitima yatsopano yochitira kafukufuku m'nyanja zozizira. Dzina lanthabwala loti Boaty McBoatface linapeza mavoti oposa 124,000, n'kusiya ena onse kutali. Boma linachita manyazi, sitimayo n'kuitcha RRS Sir David Attenborough, dzina lanthabwalalo n'kulipereka kwa kachombo kakang'ono koyenda pansi pa madzi. N'chifukwa chake makhonsolo ochenjera amatolera maganizo kwa anthu, komiti n'kusankhapo mayina atatu kapena anayi oyenera, ndiyeno anthu n'kunena lomwe akonda mwa amenewo. Voti ya pa Facebook yokha kwathu kuno ingasiye kunja agogo omwe akudziwa mbiri ya malowo, n'kupambanitsa mnyamata yemwe ali ndi bandulo yambiri.

Ndikanakhala inu, mayi, ndikanachita chonchi. Ndikanapita kwa khansala n'kumufunsa kuti nkhani ya dzina yafika pati, ili ku komiti iti, ndipo akumana liti. Ndikanalemba kalata, osati kungolankhula pamaliro kapena pamsewu, chifukwa mawu apakamwa salowa mu fayilo. Kalatayo isayinidwe ndi anthu ambiri, a mipingo, a mzikiti, amayi ogulitsa pamsika, a komiti ya chitukuko, ndipo isangoti "dzina ilo sitikulifuna" koma ibwere ndi dzina lina ndi chifukwa chake. Kope imodzi isiyidwe ku ofesi ya mkulu wa khonsolo, ina mutsale nayo atadindapo chidindo. Akakuuzani kuti zinatha kale, pemphani kuona zolemba za msonkhano womwe anagwirizana zimenezo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo khonsolo nayo ili momwemo.

Za dzina lenilenilo, musathamangire kufuna munthu wotchuka woti apikisane ndi wandaleyo. Pitani kaye kwa agogo omwe anafika kuderako nyumba zisanathithikane, mukawafunse kuti malowo ankawatcha chiyani zinyalala zisanabwere. Mwina panali dambo lokhala ndi dzina lake, mwina kamtsinje komwe amayi ankachapako, mwina mtengo wa mkuyu womwe ana ankasewerapo. Funsaninso anyamata a kabaza kuti munthu akafuna kutsika pamenepo amanena kuti chiyani. Akakuuzani kuti "pa Mtaya", ndiye fulumirani nayo kalatayo.