Achemwali a ku Leicester, tsegulani payslip yanu musanamvere amalume

Achemwali, mwalemba kuti warehouse imene mwagwirako zaka 6 yatseka shifiti yausiku, P45 (chikalata cha msonkho chimene amapereka ntchito ikatha) yabwera, mwatha masabata atatu mukutumiza ma CV koma kuli zii. Mwatinso muli ndi ILR, chilolezo chokhala ku UK popanda malire a nthawi, koma mukuopa kupita ku Jobcentre, ofesi ya boma yothandiza ofuna ntchito, chifukwa amalume akuti Mmalawi salandira ma benefits, zimenezo n'za alesi, ndiponso zidzakuonongerani mapepala. Ena akuyankhani kale kuti Mulungu atsegula khomo lina. Ameni, ndikuvomereza. Koma lendi ya mwezi wamawa siyembekeza khomolo, choncho ndiloleni ndilankhule za ndalama.

Tengani payslip iliyonse yakale. Pansi pa msonkho pali mzere wa National Insurance. Kuyambira April 2024 amadula 8 peresenti pa ndalama zopitirira £242 pa sabata, ndipo zaka zambiri m'mbuyomo inali 12 peresenti. Zaka 6 zonsezo, ngakhale usiku umene munkanyamula mabokosi miyendo itatupa, ndalamayo imachoka isanafike n'komwe m'manja mwanu. Palibe anakufunsani ngati mukufuna. Tsono New Style JSA (Jobseeker's Allowance, ndalama ya boma yothandiza munthu pamene akufuna ntchito) imaperekedwa kwa munthu amene anasonkha National Insurance yokwanira m'zaka ziwiri za msonkho zapitazo, ndipo amene sanasonkhe sapatsidwa. Kwathu mukakhala pa chipereganyu, mwasonkhera anzanu miyezi isanu, mwezi wanu ukafika mumachita manyazi kulandira? Angakutcheni wopemphetsa ndani? Dongosololi si lachilendo kuno, linayamba ndi lamulo la 1911, ndipo dzina loti Jobseeker's Allowance linabwera mu 1996. Azungu amene munkagwira nawo shifiti imodzi, ambiri analembetsa sabata yomwe ija analandira kalata.

Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu athu amaziphatikiza mu mphika umodzi n'kuzitcha "ma benefits", pomwe n'zosiyana kwambiri.

New Style JSA siyang'ana kuti ku banki muli ndi zingati, kapena kuti amuna anu amalandira zingati. Imabwera masabata awiri aliwonse, kwa masiku osapitirira 182, kutanthauza miyezi isanu ndi umodzi basi, kenako yatha. M'chaka cha 2025/26 munthu wa zaka 25 kupita m'mwamba anaikiridwa £92.05 pa sabata. Werengeraninso nambalayo. Amene amati anthu amasiya ntchito dala kuti azidya za boma sanayesepo kukhala pa £92 sabata yathunthu, magetsi, gasi, basi, ufa wa ku shopu ya amwenye umene ukukwera tsiku ndi tsiku. Si ndalama yoti munthu agonerepo tulo. N'kamtengo kodutsira mtsinje, ndipo kamagwedera.

Universal Credit ndi nkhani ina. Iyo inayamba mu 2013, inameza ma benefits akale asanu ndi imodzi, kuphatikizapo Housing Benefit ndi ma tax credit, ndipo imayang'ana chuma cha banja lonse. Ngati muli pabanja mumalembetsa awiri. Mukakhala ndi ndalama zosunga zopitirira £16,000 simupatsidwa, zikapitirira £6,000 amayamba kuchotsera, ndipo ndalama ya redundancy, ija amapereka abwana pokuchotsani ntchito, ikalowa ku akaunti imawerengedwa ngati zosunga. Ubwino wake ndi woti imathandiza lendi ndi ana. Kuipa kwake, ndalama yoyamba imatenga pafupifupi masabata asanu. Amapereka advance, koma imeneyo ndi ngongole, adzaidula pang'onopang'ono. Mukhoza kulembetsa ziwiri zonsezi nthawi imodzi, kungoti JSA amaichotsera pa Universal Credit.

Tsopano za mapepala, pakuti apa amalume ali ndi theka la choonadi, ndipo sindifuna wina awerenge yankho langali n'kudziponya m'dzenje. Amene ali pa visa yolembedwa kuti "no public funds", kaya ya care, ya sukulu, ya ukwati, asayerekeze kukhudza Universal Credit. Kutero n'kuphwanya malamulo a visa, ndipo Home Office, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dziko, idzakumbukira tsiku lopempha ILR. JSA yochokera pa zosonkha siili m'gulu la public funds, koma kwa wa visa ya sponsor, ija yodalira abwana amene anakulemba ntchito, vuto lalikulu si limenelo. Ntchito ikatha, abwana amauza Home Office, ndipo kawirikawiri umapatsidwa masiku 60 kuti upeze sponsor wina kapena utuluke m'dziko. Ameneyo athamangire ku Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo aulere, kapena kwa loya wovomerezeka wa za immigration, osati kwa "katswiri" wa pa WhatsApp wofuna mapaundi mazana asanu. Koma inu achemwali muli ndi ILR. Chiletso chija chinachoka tsiku limene munailandira. Kulandira zimene lamulo likukulolani si mlandu. Chimene chimaononga mbiri ya munthu pofunsira pasipoti ya kuno ndi bodza: kulandira kwinaku ukugwira ganyu ya cash osanena, kapena kubisa kuti mukukhala ndi mwamuna m'nyumba. Malangizo a amalume anali olondola nthawi ija munali pa visa, kungoti iwo anaima pomwepo.

Ndikuuzeni za ine, mwina mungaseke. Mu 2019 fakitale imene ndinkagwirako inatichotsa anthu ambiri tsiku limodzi. Ndinatha masabata khumi ndi imodzi osalembetsa. M'mawa uliwonse ndinkavala jekete yanga ya hi-vis, kunyamula chikwama cha nkhomaliro, kutuluka nthawi yomweyo ya kale kuti anzanga a m'nyumba asadziwe, n'kukakhala ku library mpaka madzulo. Kumudzi ndinkatumizabe fizi ya ana a mlongo wanga ngati palibe chachitika, moti ndalama imene ndinkasungira malata a nyumba ya ku Ntcheu inatha yonse. Tsiku limene ndinalimba mtima, ndinazungulira nyumba ya Jobcentre kawiri ndisanalowe, maso uku ndi uku kuopa kuti Mmalawi andiona. Mlonda wa pakhomo anafunsa dzina, n'kundilozera mpando. Ndikukhala pansi chonchi, pampando wa kutsogolo kwanga pali bambo wina wamkulu wa mpingo wathu, yemwe uja wotsogolera pemphero la chopereka, ali ndi kafayilo ka pulasitiki pamiyendo. Tinayang'anana. Iwo anangoti, "Achimwene, mwabweretsa umboni wa adiresi? Akubweza anthu opanda umboni." Nkhani inathera pomwepo, ndipo mpaka lero sitinaikambenso. Nthawi imeneyo inali £73.10 pa sabata. Chulukitsani ndi masabata khumi ndi imodzi muone zimene ndinataya. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ine anangondidyera malata.

Manyaziwa ndimawamvetsa kumene amachokera. Kwathu kulibe ndalama ya boma ya munthu amene ntchito yamuthera. Ukachotsedwa umalandira ka severance, ngati abwana ali oona mtima, kenako ubwerere kumunda kapena ukakhale kwa achibale. Ndalama ya boma imene timaidziwa ndi Mtukula Pakhomo, ija inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo imapita kwa ovutikitsitsa, agogo olera ana amasiye, mabanja opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ndiye m'mutu mwathu, wolandira za boma ndi munthu wothedweratu. Onjezerani kuti tinakwera ndege mudzi wonse ukutiyang'ana. Lova wa ku Ndirande anthu amamumvetsa, koma lova wa ku UK, aa, ameneyo anapitiranji? Komanso eni dziko ali ndi chitonzo chawochawo. Mu 1981 nduna ina, Norman Tebbit, inauza msonkhano wa chipani cha Conservative kuti bambo ake atasowa ntchito m'ma 1930 sanachite zipolowe, anakwera njinga n'kukafuna ntchito. Mawu amenewo akadali m'kamwa mwa anthu mpaka pano, ndipo nyuzipepala zina zimakonda kwambiri chithunzi cha mlendo wodya misonkho ya eni. Ife poopa kukhala munthu wa pa chithunzicho, timasiya ngakhale zathu zomwe. Anzathu a ku Joni satero ayi. Amene anadulidwa UIF pa malipiro, inshuwalansi ya kumeneko ya munthu amene ntchito yamuthera, ntchito ikatha amakaima pamzere osayang'ana kumbuyo.

Sindikunamizani kuti ku Jobcentre n'kosangalatsa. Walira mvula walira matope. Adzakupatsani work coach, mudzasainira pangano lotchedwa claimant commitment, ndipo akhoza kuyembekezera kuti muzithera maola okwana 35 pa sabata mukufuna ntchito. Mukaphonya tsiku lokumana naye popanda chifukwa chomveka, amadula ndalama, amati sanction. Ena mwa ma coach ndi anthu abwino, wanga wachiwiri anandikonzera CV ndi manja ake. Woyamba ankandilankhula ngati ndaba nkhuku. Chotetezera chanu ndi kulemba: ntchito iliyonse imene mwafunsira, tsiku, dzina la kampani, yankho. Mwana akadwala, auzeni nthawi isanakwane, osati itadutsa. Mukapeza ka shifiti ka agency, nenani. Pa JSA mumaloledwa kugwira maola osakwana 16 pa sabata, kungoti amachotsera, pomwe pa Universal Credit amadula 55p pa paundi iliyonse imene mwapeza, choncho kugwira ntchito kumakusiyanibe ndi zambiri kuposa kukhala. Ndipo kukagwa maliro kumudzi, musangokwera ndege mwakachetechete. Auzeni kaye, chifukwa JSA kawirikawiri imaima munthu akatuluka m'dziko.

Pali zina zimene sanena pokhapokha ufunse. Kuli thumba lotchedwa Flexible Support Fund limene coach angagwiritse ntchito kukulipirirani ulendo wa ku interview kapena nsapato za chitetezo. Kuli maphunziro aafupi otchedwa SWAP, osapitirira masabata 6, amene kumapeto kwake kumakhala interview kapena chithandizo chofunsira ntchito yeniyeni. Council Tax Reduction, kuchotserako msonkho wa khonsolo, mumakapempha padera ku khonsolo yanu. Chimene anthu amachiiwala kwambiri ndi penshoni: sabata iliyonse imene muli pa JSA imalembedwa ngati mwasonkha National Insurance. Penshoni ya boma imafuna zaka 10 kuti ulandireko kalikonse, ndi 35 kuti ulandire yathunthu. Ife amene tinafika kuno tili kale ndi zaka makumi atatu, chaka chilichonse n'chamtengo wapatali. Onaninso ngati redundancy anakuwerengerani bwino: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu ngati munali ndi zaka 22 mpaka 40, sabata ndi theka kuyambira 41, komanso ndalama ya notice ndi ya masiku a holide amene simunatenge. Zikapanda kugwirizana, imbirani ACAS, bungwe lothandiza pa mikangano ya pantchito, msanga, nthawi yodandaulira ndi yochepa.

Pa kufuna ntchito kwenikweniko sindichulutsa, mukudziwa kale. Ndingoti ntchito imene ndili nayo panopa sinachokere pa Indeed, webusaiti yolengezera ntchito. Inabwera sabata yomwe ndinasiya kubisa. Ndinauza anthu atatu ku tchalitchi, mmodzi anati kwawo akufuna woyendetsa forklift, n'kupereka dzina langa kwa supervisor. Miyezi yonse ija ndinkabisala ku library, mwayi umenewo unali pa benchi yomwe ndinkakhala Lamulungu lililonse. Kumudzinso auzeni zoona, kuti miyezi ingapo ikubwerayi muchepetsa kapena muima kaye. Adzang'ung'udza sabata imodzi, kenako adzapeza njira, monga ankachitira inu musanabwere kuno.

Lembetsani usiku uno pa GOV.UK, pa foni pomwepo zimatheka. Mufunika kukhala ndi nambala ya National Insurance, akaunti ya ku banki, ndi masiku amene munayamba ndi kusiya ntchito. Amawerengera kuyambira tsiku lolembetsa, kubwerera m'mbuyo n'kovuta, ndipo masiku asanu ndi awiri oyamba nthawi zambiri salipira, ndiye masabata atatu mwataya kalewo akwane. Amalume musakangane nawo, ndi akulu. Mukadzapita kukawaona Loweruka, tengani payslip ija muwaonetse mzere wa National Insurance, muwafunse mwaulemu kuti ndalama imeneyo akuganiza kuti inkapita kuti.